Kupeza pKa ya mankhwala musanatumize fayilo kwa oona za chitetezo

Anthu ambiri akamakonza fayilo ya mankhwala atsopano yokapereka ku bungwe loona za chitetezo cha anthu ndi chilengedwe, pKa amaisiya komaliza. Ndi kanambala kamodzi, sikadya ndalama zambiri, ndipo pa fomu kamabisala pakati pa zinthu zooneka zazing'ono. Ine ndimalangiza kuti muyambe ndi komweko. Kasungunukidwe ka mankhwala m'madzi, kalowedwe kake m'thupi la nsomba, mmene amamatirira ku dothi, ngakhale ukali wake pa tizilombo ta m'madzi, zonsezi zimasintha malinga ndi kuti molekyu yataya proton kapena ikadali nayo. Mukayeza zinazo musanadziwe pKa, mudzazindikira mochedwa kuti munayezera pa pH (muyezo wa asidi m'madzi) yolakwika, ndipo ntchito ya miyezi iwiri iyambirenso.

Tanthauzo lake n'lalifupi. Asidi, timulembe HA, akalowa m'madzi mamolekyu ena amataya proton, H+, n'kutsala A− yokhala ndi chaji ya magetsi. Ka ndi [H+] kuchulukitsa ndi [A−], kugawa ndi [HA] (zizindikiro [ ] zikutanthauza kuchuluka kwa chinthucho m'madzi), ndipo pKa ndi −log Ka. Choti musunge pamtima n'chakuti pH ya madzi ikafanana ndi pKa, theka la mamolekyu lili ndi chaji ndipo theka lilibe. pH ikakwera ndi 1 pamwamba pa pKa, 91 peresenti ya asidiyo imakhala itataya proton. Ikakwera ndi 2, ndi 99 peresenti. Ikatsika, zimatembenuka. Masamu ake ndi aja amadziwika ndi mayina a Henderson ndi Hasselbalch: pH = pKa + log([A−]/[HA]).

Woweta nsomba m'damu amaziona zimenezi ndi maso ngakhale sanamvepo za pKa. Amoniya ali ndi pKa ya 9.25 pa madigiri 25. Mtundu wopanda chaji, NH3, ndiwo umadutsa m'makha, mmene nsomba imapumira, n'kuipha. Pa pH 7 mtunduwu ndi theka chabe la 1 peresenti, pa pH 8 ndi 5 peresenti, pa pH 9 wafika 36 peresenti. Masana ndere zikamayamwa carbon dioxide pH ya damu imakwera, ndipo amoniya yemweyo amene m'mawa sanali vuto, pofika madzulo nsomba zayandama chagada. Woweruza fayilo yanu akufuna kudziwa ngati mankhwala anu ali ndi khalidwe lotere.

Amene akufuna nambalayi

Ku Ulaya, lamulo la REACH, limene linayamba kugwira ntchito mu 2007, limafuna pKa pa mankhwala opangidwa kapena kulowetsedwa matani 100 kapena kuposa pachaka. Zili mu Annex IX, ndime 7.16, ndipo fayilo imapita ku ECHA, bungwe la ku Ulaya loona za mankhwala, ku Helsinki kudzera mu pulogalamu ya IUCLID, gawo 4.21. Ku America, bungwe loteteza chilengedwe la EPA lili ndi malangizo ake a 830.7370 a mankhwala ophera tizilombo ndi udzu. Njira yoyezera imene mabungwe ambiri amavomereza ndi OECD 112, malangizo nambala 112 a bungwe la mayiko la OECD, a mu 1981. Mankhwala ambiri a m'munda amene amagulitsidwa ku Malawi ndi ku Zambia anayamba alembetsedwa kunja, choncho amene amawerenga mafayilo ku Pesticides Control Board ya ku Malawi kapena ku ZEMA, bungwe loona za chilengedwe ku Zambia, amakumana ndi manambala opezedwa ndi njira zomwezi.

Ngakhale matani anu ali ochepera 100, musanyalanyaze. Mayeso a kasungunukidwe ndi a log Kow, muyezo wa mmene mankhwala amakondera mafuta kuposa madzi, amafunika kuyambira pa tani imodzi, ndipo simungawatanthauzire bwino popanda pKa.

Choyamba, yang'anitsitsani molekyu

Jambulani molekyuyo papepala, muzungulize kagulu kalikonse ka maatomu kamene kangataye kapena kulandira proton. Carboxylic acid nthawi zambiri amakhala pakati pa 3 ndi 5. Phenol wamba ali pafupi ndi 10, koma mukamukoleka chlorine kapena nitro amatsika kwambiri: pentachlorophenol ali pa 4.7. Sulfonic acid ali pansi penipeni, moti m'madzi aliwonse a mumtsinje amakhala ndi chaji. Amine wosalumikizika ku benzene amakhala pakati pa 9 ndi 11, aniline 4.6, pyridine 5.2. Nitrogen wa amide musamuwerengere. M'madzi wamba salandira proton.

Pali misampha itatu pano. Woyamba ndi mchere. Mankhwala ophera udzu a 2,4-D amagulitsidwa kawirikawiri ngati mchere wa dimethylamine. Mcherewo ukalowa m'madzi umagawanika wonse, ndiye pKa zofunika ndi ziwiri: ya asidi wa 2,4-D, pafupifupi 2.8, ndi ya dimethylamine, 10.7. Wachiwiri ndi ester. Ester ya 2,4-D ilibe pKa, koma m'dothi ndi m'madzi imasweka msanga n'kubwerera ku asidi uja, choncho woweruza adzafunsabe za asidiyo. Wachitatu ndi mankhwala okhala ndi chaji yosachoka, monga paraquat: alibe proton yoti ataye, koma kulemba kuti "sagawanika" n'kusokeretsa wowerenga, poti ali ndi chaji pa pH iliyonse, ndipo n'chifukwa chake amakakamira ku dongo.

Mukapeza kuti mulibe kagulu kalikonse kotero, ntchito yathera pomwepo. Lembani chifukwa chake m'ziganizo zingapo, ikani chithunzi cha molekyu, ndipo palibe chifukwa chopita ku labotale. REACH imalolanso kusayeza ngati mankhwalawo amasweka m'madzi mofulumira, theka lake n'kutha pasanathe maola 12, kapena ngati amawonongeka msanga ndi okosijeni wa m'madzi, kapena ngati palibe chida chokhoza kuwaona pa mlingo umene amasungunuka. Koma zikatero ganizirani pKa ya zimene zimatsala akasweka.

Chachiwiri, fufuzani ngati wina anayeza kale

Yambani ndi nkhokwe ya ECHA, PubChem, ndi PPDB ya yunivesite ya Hertfordshire ngati ndi mankhwala a m'munda. Vuto la kufufuza kumeneku n'lakuti nambala imodzi imakoperedwa kuchoka tsamba lina kupita lina, mpaka mumaona ngati mboni zisanu zagwirizana pamene ndi mboni imodzi yomvekera kasanu. Tsatirani nambala iliyonse mpaka komwe inabadwira. Funsani: anayeza kapena ndi kompyuta inalosera? Pa madigiri angati? M'madzi okhaokha, kapena osakaniza ndi methanol? Munali mchere wochuluka bwanji?

Kenako ipatseni mulingo wa Klimisch, umene unakhazikitsidwa mu 1997: 1 ndi yodalirika kotheratu, 2 yodalirika koma pali zoperewera, 3 yosadalirika, 4 yosatheka kuiweruza chifukwa zolembedwa n'zochepa. Nambala ya m'buku lotolera manambala, yosanena njira, siingakhale 1. Manambala angapo ochokera kwa anthu osiyanadi, ogwirizana, akhoza kuimira muyezo watsopano.

Samalani ndi mankhwala okhala ndi pKa zingapo. Glyphosate ali ndi zinayi. Ena amalemba zitatu zokha, kusiya yotsikitsitsa, ndiye chimene wina akutcha pKa1 mnzake akuchitcha pKa2. Yerekezani manambala enieniwo, osati mayina awo.

Chachitatu, loserani

Ngakhale mwatsimikiza zopita ku labotale, loserani kaye, kuti mudziwe koyang'ana. Pa asidi ndi base (wolandira proton) zokhala pa benzene, njira ya Louis Hammett ya mu 1937 mukhoza kuichita ndi pensulo: pKa = pKa ya kholo − ρ × Σσ. Kagulu kalikonse kali ndi σ yake malinga ndi malo amene kakhala pa benzene (ortho ndi moyandikana ndi kagulu ka asidi, meta kudumpha malo amodzi, para moyang'anizana), ndipo banja lililonse la mankhwala lili ndi ρ yake.

Titenge 3,5-dinitrobenzoic acid. Kholo lake ndi benzoic acid, 4.20, ndipo ρ ndi 1. Nitro pa malo a meta ali ndi σ ya 0.71, ndipo alipo awiri: 4.20 − 1.42 = 2.78. Zoyeza zimapereka pafupifupi 2.8. Tsopano 3-chlorophenol: kholo ndi phenol, pafupifupi 10, ρ pafupifupi 2.2, σ ya chlorine pa meta 0.37, yankho 9.2 kapena kuchepera pang'ono, pamene zoyeza zimati 9.1. Mpaka pano zonse zikukoma.

Yesani 4-nitrophenol. σ wamba ya nitro pa malo a para ndi 0.78, imene ikupatsani 8.3. Yeniyeni ndi 7.15. Mwaphonya ndi 1 yathunthu, chifukwa nitro wokhala moyang'anizana ndi okosijeni wa phenol amakoka chaji mwachindunji kudutsa mu benzene, ndipo pamafunika σ ina, ya 1.27. Mukaiika mupeza 7.2. Malo a ortho nawonso ndi ovuta: salicylic acid ali pa 3.0 pamene m'bale wake 4-hydroxybenzoic acid ali pa 4.5, maatomu ofanana ndendende, kungoti mwa salicylic OH ali pafupi moti amagwirizira carboxylate. Ndimakonda kuonetsa zitsanzo ziwirizi kwa aliyense amene wayamba kukhulupirira kompyuta mopitirira, poti mapulogalamu amakhumudwa pa miyala yomweyi akakumana ndi molekyu imene sanaionepo.

Mapulogalamu odziwika ndi a ACD/Labs, a ChemAxon, SPARC, ndi OPERA yomwe ndi yaulere. Gwiritsani ntchito awiri kapena kuposa. Musanakhulupirire yankho, apatseni mankhwala atatu kapena anayi ofanana ndi anu amene pKa yake inayezedwa kale, muone ngati akulasa. Onaninso ngati molekyu yanu ili ndi ma tautomer, mitundu imene imasinthana proton ikasamukira pa atomu ina, chifukwa mukajambula mtundu wina pulogalamu ikhoza kupereka yankho lina. Kuti kulosera kulandiridwe pansi pa Annex XI ya REACH, muyenera kuonetsa kuti mankhwala anu ali m'gulu la amene pulogalamuyo imawadziwa, ndi kupereka zikalata ziwiri: QMRF yofotokoza pulogalamuyo, ndi QPRF yofotokoza kulosera kwanuku. Kungojambula zimene zaoneka pa kompyuta n'kumata mu fayilo sikukwanira.

Ndiye muime pa kulosera kapena mukayeze? Onani pamene nambala yagwera. Madzi ndi dothi zimene oweruza amaganizira zili pakati pa pH 4 kapena 5 ndi 9. Ngati mwalosera 2.0 ndipo mwina mwaphonya ndi 0.5, zilibe kanthu: pa pH 7 asidiyo ali ndi chaji kuposa 99.9 peresenti mulimonse. Koma ngati mwalosera 7.0, kuphonya komweko kukutanthauza kuti pa pH 7 mamolekyu achaji akhoza kukhala 24 peresenti kapena 76 peresenti. Amenewo ndi mankhwala awiri osiyana m'maso mwa nsomba. pKa ikagwera pakati pa 4 ndi 10, ine ndimati kayezeni, pokhapokha zitakanikadi.

Chachinayi, sankhani njira

Mufunika kudziwa zinthu zinayi: mankhwala anu amasungunuka ochuluka bwanji, amakhalitsa m'madzi osasweka kwa nthawi yaitali bwanji, ndi oyera bwanji, komanso ngati amayamwa kuwala kwa UV. OECD 112 ili ndi njira zitatu. Titration, kuthira base kapena asidi pang'onopang'ono uku mukuyeza pH, ndi ya mankhwala osungunuka bwino. Spectrophotometer ndi ya amene mtundu wachaji ndi wopanda chaji amayamwa kuwala mosiyana, ndipo imagwira ngakhale asungunuke ochepa kwambiri. Yachitatu ndi yoyeza mmene madzi akupititsira magetsi. Ilipo m'malangizo, koma kadothi kochepa ka mchere kamaisokoneza, ndipo sindiisankha ngati ziwiri zinazo zingatheke.

Malamulo ogwira njira zonse ndi awa. Mankhwala asapitirire 0.01 M (M ndi mamolo pa lita) kapena theka la mlingo umene amasungunuka, mutenge chocheperapo. Gwiritsani ntchito oyeretsetsa amene mungapeze, osati a m'botolo logulitsa okhala ndi sopo ndi zosungunulira. Kutentha kukhale kokhazikika, makamaka madigiri 20, osasuntha kuposa digiri imodzi. Muyeze katatu kapena kuposa, ndipo mayankho asasiyane kuposa 0.1.

Chachisanu, titration yeniyeniyo

Musanakhudze mankhwala anu, yesani dzanja lanu ndi zida zanu pa benzoic acid. Mukalephera kupeza nambala yoyandikira 4.2 pa iyeyu, vuto si mankhwala.

Wiritsani madzi osungunulira kuti carbon dioxide achoke, muwaziziritse atatsekedwa. Konzani NaOH wa 0.1 M ndi madzi omwewo, ndipo mphamvu yake yeniyeni muitsimikize ndi potassium hydrogen phthalate woumitsidwa. Electrode yoyezera pH muiwongole ndi ma buffer (madzi a pH yodziwika, yosasuntha) atatu, a pH 4, 7 ndi 10, ali pa kutentha komwe mukayezereko. Electrode yabwino imasintha mamilivoti pafupifupi 58 pa pH imodzi pa madigiri 20. Ikatsika pansi pa 95 peresenti ya zimenezi, itsukeni kapena isintheni. Buffer ya pH 10 imawonongeka msanga ikatsegulidwa, musaisunge miyezi.

Sungunulani mamiligalamu 61 a benzoic acid m'mamililita 50 a madzi aja. Ameneyo ndi 0.01 M. Ikani chikho m'bafa la madzi osunga kutentha, vundikirani, ndipo ngati muli ndi nitrogen muombetse pamwamba. Asidi yense atha mukathira mamililita 5.0 a NaOH. Malangizo amafuna kuthira kosachepera ka 10 musanafike pamenepo, ndiye thirani mamililita 0.4 nthawi iliyonse, kenako muchepetse mukayandikira pomwe pH ilumphe. Mukathira, takasani, dikirani nambala iime, lembani. Kuona maso a nkhono n'kudekha: electrode ina imatenga mphindi yathunthu, ndipo wolemba nambala ikadali kuyenda akudzinamiza yekha. Bwerezani zonsezi ndi madzi okhaokha opanda mankhwala, kuti mudziwe zimene madziwo akudya paokha.

Ambiri anaphunzira kusukulu kuti pKa ndi pH ya pa theka la ulendo, pa mamililita 2.5. N'zoona pang'ono, koma mfundo imodzi siikwanira fayilo. Werengerani pKa pa kuthira kulikonse kwa pakati pa 10 ndi 90 peresenti ya ulendo. Pa malo aliwonse, [A−] ndi NaOH amene mwathira, kuphatikiza [H+], kuchotsa [OH−]; [HA] ndi asidi yense kuchotsa [A−]; musaiwale kuti madzi akuchuluka mukamathira. Ndiye pKa = pH + log([HA]/[A−]). Kuwonjezera [H+] kumeneku pa benzoic acid kumasintha zochepa, koma pa asidi wa pKa yochepera 3 kukuiwala ndi kulakwitsa kwakukulu, chifukwa gawo lalikulu limakhala litataya kale proton musanathire dontho loyamba.

Tsopano yang'anani mndandanda wa manambala anu. Akakhala ofanana kuyambira pamwamba mpaka pansi, zili bwino. Akamatsetsereka mbali imodzi, china chake chalowerera: mankhwala si oyera, pali pKa yachiwiri pafupi, kapena china chikugwa pansi. Chomalizachi chimachitika kawirikawiri ndi amine. Mumayamba ndi mchere wake wosungunuka bwino, mukamathira NaOH mtundu wopanda chaji umachuluka, madzi amachita mbuu, ndipo pKa imaoneka yotsika kuposa yeniyeni. Walitsani tochi m'mbali mwa chikho nthawi ndi nthawi. Maso okha sazindikira msanga.

Ine ndinatayapo masiku atatu mu labotale ina ndikusaka pKa yachiwiri pa mankhwala okhala ndi kagulu kamodzi kokha. Mzere unkapindika pang'ono pafupi ndi pH 6, ndipo ndinayamba kale kulingalira zoti mwina molekyu inasweka. Chinali chivindikiro cha botolo la NaOH chimene sichinkatseka bwino. Carbonic acid ali ndi pKa za 6.35 ndi 10.33; mukaona zachilendo pafupi ndi manambala amenewa, kayikirani botolo lanu musanakayikire molekyu. Kuyambira pamenepo NaOH ndimamutsimikiza sabata iliyonse. Ndipo ngati kwanu magetsi amazimazima, bafa likazizira pakati pa ulendo tayani muyezo umenewo, musaulumikize ndi wa mawa.

pKa ziwiri zikayandikana kuchepera 3, kuwerengera kwa pamwambaku sikugwiranso. Citric acid ali ndi 3.1, 4.8 ndi 6.4, ndipo mzere wake suonetsa masitepe atatu ooneka bwino. Pamenepo pamafunika pulogalamu yoyenereza mzere wonse nthawi imodzi. Komanso pansi pa pH 2 ndi pamwamba pa 12 electrode yagalasi siidalirika.

Ngati mwasankha kuwala

Pano mukhoza kutsika mpaka 0.0001 M kapena kuchepera. Chofunika n'chakuti kagulu kotaya proton kakhale pafupi ndi mbali ya molekyu yoyamwa kuwala. Kakakhala kutali, mitundu iwiriyo imaoneka chimodzimodzi ndipo njirayi siithandiza.

Jambulani spectrum pa pH yotsika ndi 2 kapena kuposa pansi pa pKa imene mwalosera, ndi ina pa pH yokwera chimodzimodzi. Sankhani wavelength imene ziwirizo zasiyana kwambiri. Pa 4-nitrophenol, amene ndi woyesera wabwino, mtundu wopanda chaji umayamwa pafupi ndi 317 nm ndipo wachaji, wachikasu uja, pafupi ndi 400 nm. Kenako konzani ma buffer osachepera asanu amene apereke mamolekyu achaji kuyambira 10 mpaka 90 peresenti, ndiye kuti pH yosatalikira pKa kuposa 1 mbali zonse. Onse akhale ndi mchere wofanana, mankhwala ofanana kuchuluka, ndipo buffer yokha isayamwe kuwala pamenepo. Pa asidi, pKa = pH + log((Ai − A)/(A − Am)), pamene Ai ndi kuyamwa kwa mtundu wachaji, Am kwa wopanda chaji, ndipo A ndi kumene mwayeza.

Zinthu ziwiri zimaiwalika. Yezani pH ya madzi enieniwo mutathiramo mankhwala, osadalira zolembedwa pa botolo la buffer. Ndipo sanjikizani ma spectrum onse: ayenera kudutsana pa kadontho kamodzi, isosbestic point. Akapanda kutero, muli mtundu wachitatu, kapena mankhwala akusweka pa pH yokwera.

Ovuta kusungunuka

Ena sasungunuka ngakhale pang'ono. Njira yodziwika ndi kuyeza m'madzi osakaniza ndi methanol pa milingo itatu kapena inayi, kenako n'kulondola mzere kubwerera kumene methanol ndi ziro, imatchedwa Yasuda–Shedlovsky. Nambala ya mu methanol wa 40 peresenti si pKa ya m'madzi, poti asidi amaoneka wofooka mmenemo, choncho musailembe yokha. Capillary electrophoresis imathandizanso, makamaka mankhwala akakhala ochepa kapena osayera kwenikweni. Njira zimenezi sizinalembedwe mu OECD 112, ndiye fotokozani chifukwa chimene zitatu zija zinakanikira, ndipo onetsani kuti mwa njira yanuyo mankhwala odziwika anapereka nambala yolondola.

Nthawi zina akatswiri enieni amasemphana. Pa PFOA, asidi wokhala ndi fluorine wambiri, manambala amene anasindikizidwa amachokera pafupi ndi 0 mpaka 3.8, chifukwa mankhwalawa amaunjikana okhaokha ndi kumatirira ku makoma a chikho. Mukakumana ndi otere, perekani manambala onse odalirika, nenani imene mwasankha ndi chifukwa chake.

Chachisanu ndi chimodzi, kulemba

Nambala yopanda kutentha kwake ndi nambala yosakwanira. pKa ya carboxylic acid siisuntha kwenikweni kukatentha, koma ya amine imatsika pafupifupi 0.03 pa digiri iliyonse. Amoniya uja ali pa 9.40 pa madigiri 20 ndipo pa 9.09 pa madigiri 30. Damu la ku Chikwawa mwezi wa Novembala silili pa madigiri 20 a mu labotale ya ku Ulaya. Ngati mukuganiza kuti kutentha kukhudza mankhwala anu, malangizo amati muyezenso pa kutentha kwina kuwiri, kosiyana ndi madigiri 10.

Lembaninso kuchuluka kwa mchere m'madzi oyezera. Opanga mankhwala a kuchipatala amakonda kuyeza mu KCl wa 0.15 M kutsanzira magazi, ndipo nambala yotero imasiyana pang'ono ndi ya m'madzi opanda mchere. Nenani kuti yanu ndi iti.

Pa base, lembani momveka kuti pKa ndi ya mtundu umene walandira proton. Chikonga cha mu fodya chili ndi pKa za 8.0 ndi 3.1, koma si asidi: pansi pa pH 8 ndi pamene chimakhala ndi chaji, pamwamba pake n'chopanda chaji ndipo chimalowa pakhungu mosavuta. Woweruza akawerenga 8.0 n'kuganiza kuti ndi asidi, masamu ake onse atembenuka. Choncho pKa iliyonse ikhale ndi kagulu kake: iyi ndi ya nitrogen uyu, iyo ndi ya OH uyo. Onjezani kuyera kwa mankhwala ndi nambala ya batch, njira, chida, ma buffer, manambala onse osaphika, yankho la mankhwala oyesera, ndi paliponse pamene munapatuka pa malangizo.

Chomaliza, igwiritseni ntchito

Konzani katebulo ka mamolekyu achaji ndi opanda chaji pa pH 4, 7 ndi 9, kapena 5, 7 ndi 9. Pa asidi, gawo lopanda chaji ndi 1/(1 + 10^(pH − pKa)). Pa base, tembenuzani kukhala pKa − pH. Kuchokera apo werengerani log D, imene ndi log Kow yoganizira chaji pa pH imene mwasankha: pa asidi, log D = log Kow − log(1 + 10^(pH − pKa)). Diclofenac ali ndi log Kow pafupifupi 4.5, nambala yochititsa mantha kwa woona za nsomba, koma pKa yake ndi pafupifupi 4.2, ndiye pa pH 7.4 log D imatsikira pafupi ndi 1.3. Dothi la m'minda ya tiyi ku Mulanje ndi ku Thyolo ndi la asidi, pamene madzi apamwamba a m'nyanja ya Malawi ali pa pH 8 kapena kupitirirapo pang'ono. Asidi wa pKa ya 5 akhoza kugwirika ndithu m'dothi loyambalo, koma akafika m'madzi otere amakhala ndi chaji pafupifupi yense n'kumayenda ndi madzi.

Musapitirire malire ndi log D. Base yokhala ndi chaji ili ndi log D yotsika, koma imamatirira mwamphamvu ku dongo ndi ku manyowa chifukwa izo zili ndi chaji yotsutsana nayo. PFOA nayenso ali ndi chaji m'madzi wamba koma amaunjikana m'magazi pogwira mapuloteni. Pa mankhwala otere Koc, muyezo wa kamatiridwe ku dothi, iyezedwe ndi dothi lenileni mwa OECD 106, pa madothi a pH zosiyana.

Tumizani pKa kwa aliyense amene akuchita mayeso ena, asanayambe. Woyeza log Kow mwa OECD 107 ayike buffer yotsika ndi 1 kapena kuposa pansi pa pKa ngati ndi asidi, yokwera chimodzimodzi ngati ndi base. Woyeza kasungunukidwe mwa OECD 105 alembe pH ya madzi atakhuta, ndipo ayeze pa pH zingapo. Woyeza Koc mwa OECD 121 ayeze mitundu yonse iwiri ngati 10 peresenti kapena kuposa imagawanika pakati pa pH 5.5 ndi 7.5. Woyesa nsomba, tizilombo ta m'madzi ta Daphnia ndi ndere muuzeni kuti alembe pH poyamba ndi pomaliza, makamaka wa ndere, poti m'maola 72 a muyezo wake pH imakwera yokha, ndipo asidi amene anayamba ali ndi gawo lopanda chaji akhoza kumaliza alibe n'komwe.